Mafuta a Bambo Mapazi

Lolemba, 2 Disembala 1918

Amve onse a kumtunda ndi a kumunsi, amve a Bembeke, amve a Linthipe, kuti lero mtengo waukulu wagwa. Ine Gerevazio Kachigunda, Mbewe weniweni, mkulu wa adzukulu onse a manda a pa mishoni, amene manja anga anaika mafumu, aphunzitsi ngakhalenso apongozi anga, popanda ndi mmodzi yemwe wobwerako kudzadandaula za ntchito yanga, ndalowa m'chipatala. Ndabwera ngati bwanamkubwa, pa machira, anthu atandisenza. Anandigwetsa kamodzi kokha powoloka mtsinje.

Matenda ndi omwewa a fuluwenza amene abwera ndi anthu obwerera kunkhondo. M'mutu ngati mwalowa osula makasu, thupi moto, miyendo ngati yobwereka. Kachipatala ka Amayi Sisitere kadzaza, ndiye amuna atiyalira mphasa m'sukulu, poti ana anawabalalitsa kale. M'chipinda muno ndi mmene ndinaphunzirira a-e-i ndili ndi imvi, pofuna ubatizo, tiana tikundiseka. Mapepala awa ndawapeza m'bokosi la mphunzitsi, ndi pensulo yomwe. Ndangobwereka. Mwini wake akafunsa ndidzati mutu sunali bwino.

Mankhwala ake ndi awa: kwinini m'mawa ndi madzulo, wowawa ngati mawu a mlamu. Masana kufunda bulangete pamwamba pa mphika wa madzi otentha a masamba a bulugamu, kupuma nthunzi yake mpaka misozi. Ndiye pali kagalasi kamene Amayi amakuika kunsi kwa lilime, kowauza kutentha kwa thupi. Kanga kati 39. Ndawafunsa ngati ndapambana anzanga onse. Sanaseke.

Lachiwiri, 3 Disembala

Kumanzere kwanga kuli Benedicto, amene anapita ku tengatenga kukasenza katundu wa nkhondo ya Ajeremani. Zipolopolo zinamuphonya, njala inamuphonya, wabwera kudzagwidwa ndi chifuwa pakhomo pa amayi ake. Salankhula kwambiri. Milomo yayamba kuda.

Kumanja kuli a Chatsika, mnzanga wa paubwana. Tinalowa kudambwe chaka chimodzi. Ine ndinatulukako n'kudzabatizidwa, iwo akadali komweko ndi gule wawo. Amanditcha wothawa, ine ndimawatcha nkhuni za Satana, koma fodya wa pamphuno timagawana. Ana awo ndiwo awabweretsa kuno mowakakamiza.

Alendo saloledwa kulowa. Akazi anga Anankhoma, amene pa ubatizo anawatcha Anastazia, aima pa zenera n'kundipatsira mbatata ya kachewere yowotcha ndi thobwa. Mbatata ndaluma kawiri, yotsala adya a Chatsika. Anankhoma akuti mvula yagwa bwino koma minda ili zii, odzala palibe, maliro akungotsatizana.

Tsopano ndilembe chimene chikundidya, poti pepala silinena kwa munthu. Fuluwenzayi ndikuiopa, koma chimene ndikuopa koposa ndi kabotolo ka Bambo Mapazi. Amenewa ndi ansembe athu, tinawatcha choncho chifukwa nsapato zawo zimamveka iwo akadali kutsidya. Munthu akadwala kwambiri amabwera ndi kabelu, kandulo ndi mafuta oyera, n'kumudzoza. Katekisimu amati mafutawo ndi a chitonthozo, ndipo ena amachira nawo. Ndinayankha choncho pa mayeso, ndinakhoza. Koma ine ndine mdzukulu. Chiyambire mishoni ino, aliyense amene ndinamva kuti kabelu kamulirira, mawa lake kapena mkuja ndinkamukumbira. Ena ndinkawakulunga m'mphasa mafuta akadali kunyezimira pa zikope. Kumidzi anthu amanena poyera kuti kabotoloko ndi kotsirizira munthu. Ndinkawaseka ndili chilili. Lero ndili chigonere, ndipo sindikuwasekanso.

Lachitatu, 4 Disembala

Kwinini, nthunzi, kagalasi 39. Chifuwa chayamba kulemera.

Dzuwa lili pamutu tinamva nsapato pakhonde, kenaka kabelu. Chipinda chonse chinati duu, ngakhale otsokomola anameza chifuwa. Ine ndinafunda kumutu n'kusiya kabowo ka diso limodzi. Nsapato zinabwera, zinabwera, n'kuima kumapazi kwanga. Kenaka zinasuntha pang'ono. Anadzera Benedicto.

Bambo anagwada pansi, Benedicto analapa monong'ona, ndiye anamudzoza pa maso, m'makutu, pamphuno, pakamwa, m'manja ndi kumapazi, akupukuta ndi thonje, akupemphera m'Chilatini. Nkhope ya Benedicto inamasuka, zimenezo sindikana. Anathokoza ndithu. Potuluka Bambo anagwedeza chala changa cha kuphazi chimene chinatsalira kunja kwa bulangete, n'kufunsa ngati a Gerevazio alimo. Ndinayankha ndili m'kati momwemo kuti achokapo, apita kodzala. Anaseka n'kupitirira.

A Chatsika akuti mkhristu wolimba mtima ngati ine sanamuonepo chibadwire.

Lachinayi, 5 Disembala

Benedicto wapita m'mawa uno, phala lisanafike.

Amukulunga anyamata amene ndinawaphunzitsa ntchito ine ndemwe. Ndinafuna kuwanyoza monga timachitira adzukulu pamaliro, kuti amanga munthu ngati mtolo wa nkhuni, koma mawu anakana kutuluka. Akuti masiku ano manda akungokumba olekeza m'chiuno, okumba achepa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuseketsa anamfedwa m'mphepete mwa dzenje, kuwalanda nkhuku, kuyerekeza kayendedwe ka womwalirayo mpaka olira aphulike nako kuseka. Ndinkati imfa ndi mnansi wanga, timadziwana. Kunali kudziwana kwa munthu woima pamwamba, khasu lili m'manja.

Anankhoma anabwera ndi phala la mawere. Atandiyang'ana pa zenera anati akapempha Bambo adzandidzoze zinthu zisanafike poipa. Ndinawauza kuti akangotero ndidzawabwerera ngati mzukwa n'kumawamwera thobwa lonse.

"Mwaika anthu onse aja, a Mbewe, ndiye inuyo mufuna mupite ngati mbuzi?"

Ndinati sindikupita kulikonse. Anangotola mbale yawo n'kupita.

Ndazindikira mmene zimayendera muno. Bambo sangobwera okha. Amayi Sisitere ndiwo amawerenga kagalasi, kakakwera kwambiri amakanong'oneza Bambo, Bambo n'kutenga kabelu. Kazitape ndi kagalasi.

Lachisanu, 6 Disembala

Kazitape ndamugonjetsa. Amayi amati akakuika kagalasi m'kamwa amapita kukamwetsa ena mankhwala kaye. Ine ndakatulutsa n'kukaviika m'chikho changa cha madzi, ndipo pomva nsalu yawo ikubwerera ndakabwezera m'kamwa, nkhope ngati ya mngelo. Anakayang'ana, anakayang'ananso, n'kuthokoza Mulungu mokweza. Akuti ndayamba kuchira. Akuti kwinini wachepa, ndiye wanga apatsa odwala kwambiri, ndi nthunzi yomwe ndisiye. Mwina sabata yamawa ndituluka.

A Chatsika anaona zonse. Anaseka mpaka chifuwa chinawapinda. Tapangana kuti akhale chete, malipiro ake mbatata yanga yonse.

Masana thupi linaphulika moto kuposa kale. Ndinakumbuka mfumu ija ya m'Malembo, Hezekiya, imene mneneri anaiuza kuti ikonze za pakhomo pake poti ikufa. Inatembenukira kukhoma n'kulira, Mulungu n'kuiwonjezera zaka. Nane ndinatembenukira kukhoma. Pakhomapo pali zilembo za ana ndi nalimata. Sindinapemphe zambiri, ndinati Ambuye, ngakhale kungofika pokolola basi. Koma pemphero la munthu amene kagalasi kake kangochoka m'chikho limakwera bwanji? Ndinalekera panjira.

Loweruka, 7 Disembala

Kagalasi m'chikho, m'mawa ndi madzulo. Mankhwala palibe, poti ndine wochira.

M'nthiti za kumanja muli chobaya. Ndikapuma kwambiri chimalasa ngati mkondo. Makhololo asanduka ofiirira ngati dzimbiri, ndikulavulira m'kansanza n'kubisa kunsi kwa mphasa.

Kabelu kalowa kawiri lero, kupita kwa anthu a kukhomo. Bambo akudutsa ndinadzuka n'kukhala tsonga, n'kuyamba nyimbo ya Adiventi, yoyembekezera Khirisimasi, kuti aone munthu wamphamvu. Ndinafika pa mzere wachiwiri, mpweya n'kundithera. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso awo afiira, akuti sakugona, akuyenda midzi yonse wapansi.

Pofuna kuiwala chobaya ndinawafotokozera a Chatsika za Petulo woyera, amene anaona Ambuye akuyenda pamwamba pa madzi n'kunena kuti nanenso, n'kutsika m'ngalawa. Ataona mphepo mantha anamugwira, anayamba kumira. A Chatsika anafunsa ngati anamiradi. Ndinati ayi, anakuwa, Ambuye n'kumugwira dzanja.

"Nanga iwe bwanji sukukuwa? Dzanja walibisa m'bulangete, akugwira pati?"

Munthu wakudambwe kundilalikira ine. Ndinawauza kuti abweze mbatata yanga.

Anankhoma amva kwa Amayi kuti ndikuchira, koma sanasangalale. Anandiuza kuti nditulutse lilime pa zenera. Ndinakana. Anati iwo anandidziwa ndisanamere ndevu, ndipo munthu wochira sakhala ndi maso otere.

Lamulungu, 8 Disembala

Ndagwidwa.

M'mawa kunazizira, nkhungu mpaka pakhomo, ndipo madzi a m'chikho anali ongotungidwa kumene kuchitsime. Ine mutu uli zungulizunguli, ndinakasiya kagalasi m'madzimo nthawi yaitali. Amayi anakawerenga, anandiyang'ana, anayang'ana chikho.

"A Gerevazio, kagalasi aka kakuti inu munamwalira dzulo."

Chipinda chonse chinaseka, ndi odwala kwambiri omwe. Ndinayembekeza kukalipiridwa. Koma Amayi anangokhala pansi pa mphasa yanga, munthu amene sindinamuonepo atakhala. Ananena m'Chinyanja chawo chopindikacho kuti anali atakondwa kuti mmodzi yekha akuchira. Akanandimenya ndi chikho kukanakhala bwino.

Ayezanso ali chiimire pomwepo: 40. Amvetsera pamsana ndi kachitoliro kawo, agogoda nthiti ndi zala, akuti ndi chibayo, ndipo masiku amene ndakhala wopanda mankhwala chayenda. Andimata pa nthiti nsalu yopaka phala la ufa wa njere za mpiru, lotentha mpaka khungu kufiira. Andibaya jakisoni pa mkono. Kwinini wabwerera, nthunzi yabwerera. Akuti ndisagone chagada, anditsamiritsa ku benchi la ana. Chikho achichotsa, madzi ndizichita kupempha.

Anandifunsa chifukwa chake. Ndinati ndimafuna kuona ngati kagalasiko kamadziwadi ntchito. Zoona zake sindinanene.

Misa taimvera patali. Oimba ndi ochepa.

Lolemba, 9 Disembala

A Chatsika apita masana ano.

M'mawa Bambo anawafunsa ngati angafune ubatizo. Anakana mwaulemu, anati akufuna kupita kumene kuli amayi awo. Bambo sanawakakamize, anangowakonzera bulangete. Pambuyo pake anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, wothawa iwe, ukakafika kwanuko usakandinenere zoipa. Ndinati ndikawanenera kuti anandidyera mbatata. Anafuna kuseka, mpweya unalibe.

Ana awo awanyamula. Ng'oma sizilira, ovina nawo ali chigonere. Ndawapempherera, kaya zimaloledwa kaya ayi.

Mafuta sanawakhudze ngakhale dontho. Ndiye ine ndikuthawa chiyani, ndikuthawira kuti? Koma ndikangomva nsapato ndimafundabe kumutu chimodzimodzi.

40. Ndilekera pano.

Lachiwiri, 10 Disembala

Lero Amayi alola Anankhoma kulowa m'kati. Mdzukulu sachita kumuuza tanthauzo la zimenezo.

Anakhala pamene panali a Chatsika, n'kundimwetsa phala ndi chipande ngati mwana. Sanayambe ndi za mafuta. Anayamba ndi za kumunda, kuti adzala okha kachigawo ka kumunsi, kuti mbuzi yathu yaswa. Kenaka anati ndiwauze choonadi, ndikuopa chiyani. Ndinalibe mphamvu yopeka nthabwala. Ndinawauza zonse, za zikope zonyezimira, za kabelu lero khasu mawa, za Benedicto.

Anati ndine chitsiru chokalamba. Anati mdzukulu amaona akufa okhaokha, poti ndiwo amabwera kuntchito kwake. Wochira angapite kumanda kukatani, kukapereka moni? Ndinati mawu ndi abwino, koma anditchulire mmodzi yekha amene anadzozedwa n'kukhala moyo, mmodzi basi, wa miyendo iwiri, amene ndimamudziwa.

Anapukuta chipande ndi nsalu yawo, anachiyang'ana.

"Ndi amene akukumwetsani phalayu."

Anati chinali chaka chija Bambo ananditumiza ku Mua kukacheka matabwa a tchalitchi, ndinakhalako miyezi. Iwo anadwala chifuwa mpaka osazindikira munthu, ndipo kabelu kanalira pakhomo pathu. Atadzozedwa anagona masiku angapo, n'kudzuka, n'kukatunga madzi. Ndinafunsa chifukwa chimene anandibisira. Anati m'mudzi mwathu muja, munthu wodzozedwa akadzuka amati ndi mzukwa, palibe angadye chophika chake. Ndipo woyamba kuthawa pakhomo ndikanakhala ine.

"Zaka zonsezi, a Mbewe, mwakhala mukudya za m'manja mwa munthu wodzozedwa. Mwafa?"

Ndinati ndatsala pang'ono. Anandimenya ndi chipande pa bondo.

Ndinawagwira dzanja n'kulitembenuza, kuliyang'ana. Dzanja lomwe lija, lokakala, lofunda, la zipsera za moto. Ndinafunsa ngati sizipweteka. Anati ayi. Ndinafunsa ngati atsimikiza kuti nane ndidzuka. Apa anandiyang'ana m'maso. Anati zimenezo sanganene, mwini moyo ndi Mulungu. Chimene akudziwa ndi chakuti kudzuka kapena kusadzuka, safuna ndiwoloke ndekha ngati wakuba, ndili wobisala m'bulangete.

Ndawauza kuti akawaitane.

Lachitatu, 11 Disembala

Zachitika m'mawa uno. Ndilemba pang'onopang'ono.

Nsapato zinamveka kuchokera kutchalitchi. Ndinaziwerengera njira yonse, pa mtengo wa pichesi, pakhonde, pakhomo. Kabelu. Thupi lonse linafuna kulowa m'bulangete, ndipo mutu unali utalowa kale theka. Anankhoma anali pambali panga. Ndinatulutsa dzanja ndekha, n'kuliika pamwamba.

Ndinalapa. Za kagalasi, za pensulo, ndi zina zimene pepala silifunika kudziwa. Ndinawauzanso Bambo kuti ndimawaopa ngati fisi. Anati akudziwa, anthu ambiri amawathawa, ndipo zimawapweteka. Anati nawonso m'mawa uliwonse amadzuka ndi mantha, poti anzawo ansembe kwina agona kale. Sindinadziwe kuti munthu wa nsapato zotere amaopa.

Mafutawo ndi ozizira. Pa maso, m'makutu, pamphuno, pakamwa, m'manja, kumapazi. Pofika kumapazi anandigirigisha, ndinadzigwira kuti ndisaseke, m'malo mwake misozi ndiyo inatuluka. Chilatini sindimva. Ndinangonena chamumtima mawu a munthu womira uja, kuti Ambuye ndigwireni. Zina zonse zimene ndinaloweza pa katekisimu zinathawa.

Mantha sanachoke. Angokhala pansi pambali panga ngati galu wokalipiridwa. Ndikuyembekeza mawa kapena mkuja.

Kwinini, mpiru, jakisoni. 40.

Lachinayi, 12 Disembala

Mawa lija ndi lero. Ndilipo.

Anyamata anga a kumanda anasuzumira pa zenera, kundiyeza kutalika ndi maso. Ndawatulutsira lilime.

Lachisanu, 13 Disembala

Mkuja.

Mizere sindikuiona bwino. Mpweya waufupi. Anankhoma sakuchoka, akupemphera kolona, ine ndikungoyankha ndi chala.

Ambuye, dzanja ndi ili.

Loweruka, 14 Disembala

Ndatuluka thukuta ngati ndagwa mumtsinje. Mphasa yonse yanyowa, bulangete achita kufinya. Kenaka ndinagona tulo tenitenti, toyamba chibwerere muno. Podzuka ndinamva njala.

Amayi anandiika kagalasi n'kuima pomwepo manja ali m'chiuno, maso pa ine ngati mphamba. Atakawerenga anayang'ana uku ndi uku kufuna chikho. Chikho panalibe. Anayezanso kachiwiri. Akuti 37 ndi kanthu pang'ono, akuti chibayo chatembenuka. Sanathokoze mokweza ulendo uno, anangondigwira pamutu n'kupita msanga kwa ena.

Jakisoni asiya. Mpiru asiya, khungu la pa nthiti lasupuka. Kwinini apitiriza. Ndamwa phala mbale yonse, ndapemphanso.

Ndikuopa kukondwa. Pamene panali Benedicto pagona munthu wachitatu tsopano.

Lamulungu, 15 Disembala

Ndaima ndi miyendo yanga, ndagwira khoma mpaka pakhomo. Mapiri abiriwira ine kulibe. Anthu opita ku Misa atandiona ena anabwerera m'mbuyo, mayi wina anachita chizindikiro cha mtanda n'kukokera mwana wake kumbuyo. Mbiri inali itafika kale kumudzi kuti kabelu kandilirira Lachitatu. Ndinawapatsa moni ndi mawu a kumanda, okokera pansi. Anankhoma akuti ndikapitiriza andibwezera kwa Amayi kuti andimatenso mpiru.

Anyamata anga avomera kuti dzenje langa anali atayamba kale, pafupi ndi apongozi. Lagwira ntchito kwa wina. Sindinafunse dzina.

Lolemba, 16 Disembala

Akuti mawa ndituluka. Ndilembe za lero ndisanabweze pensulo.

Pa malo a a Chatsika agonekapo Vinsenti, mmisiri wa njerwa, bambo wa ana ang'onoang'ono. Kagalasi kake kakwera, ndipo m'mawa Amayi amuuza kuti Bambo abwera madzulo. Chichokereni Amayi munthuyo anangoti maso tong'o kudenga, zala zikukanda mphasa. Ndinazindikira matendawo, ndi anga aja. Anandinong'oneza kuti ndimuthandize kutuluka pa zenera, akafere kuthengo.

Anankhoma atafika ndi mbatata ndinawauza kuti akhale apa amufotokozere Vinsenti nkhani yawo ija, ya chaka cha matabwa, mmene anandifotokozera ine. Anati ndimuuze ndine. Ndinati ayi, ya iwo ndiyo yokoma, ili ndi zaka, munthu anadzozedwa kalekale mpaka lero akumenyabe mwamuna ndi chipande. Anakana. Ndinakakamira. Anayamba kumanga ndi kumasula mfundo ya nsalu yawo, chinthu chimene amachita mbuzi yathu ikalowa m'munda mwa eni. Kenaka anandikokera kukhonde.

"Muuzeni yanu, a Mbewe. Yanuyo ndiye yoona."

Ndinakhala pansi pa khonde.

Anaulula kuti chaka cha matabwa sanadwale ngakhale chimfine. Kabelu sikanalirepo pakhomo pathu. Nkhani yonse anaipekera pomwepo, akupukuta chipande. Anati dzulo anakalapa kale kwa Bambo, ndipo chilango chawo achita, ine ndisawonjezere changa.

Ndinafunsa ngati pali wina aliyense amene iwo ankamudziwa, wodzozedwa n'kuchira. Anati palibe. Anangomva pa katekisimu, monga ine. Ndinati ndiye kuti pamene kabelu kankabwera Lachitatu lija, inu munalibe chogwira chilichonse? Anati analibe. Anati mawu a kumudzi aja, oti kabotolo ndi kotsirizira munthu, nawonso anawamva kuyambira kale, ndipo Bambo akutsegula kabotolo mtima wawo unati, bwanji ngati ndamuphetsa ndekha? Lachinayi ndi Lachisanu sanadye. Ine ndinali ndi nkhani yawo yotsamira, iwo analibe kanthu, koma mawu a Mulungu okha ndi kolona. Ndinafunsa kuti nanga analimba bwanji. Anati sanalimbe, ankangobwereza kuti Ambuye, ine sindikuona, onani ndinu.

Tinakhala pakhondepo, mbatata ikuzizira.

Pambuyo pake ndinalowa n'kukhala pa mphasa ya Vinsenti. Ndinamuuza kuti andigwire dzanja, aone ngati ndi la mzukwa. Ndinamuonetsa maso, makutu, mapazi, monse munadutsa thonje. Ndinadya mbatata pamaso pake mochita kutafuna mokweza. Anafunsa ngati nayenso adzuka. Ndinati sindikudziwa, Benedicto sanadzuke, ine ndadzuka, mwini moyo ndi Mulungu. Koma mafutawo sapha, amangozizira, ndipo kumapazi amagirigisha. Ndamulonjeza kuti nsapato zikamveka ndikhala pomwepa, ndimugwira dzanja. Wasiya kuyang'ana zenera. Kukanda mphasa sanasiye.

Tsono amene mudzawerenge mapepala awa, zonse ndalemba zinachitikadi, kupatula nkhani ya Lachiwiri ija ya chaka cha matabwa. Imeneyo ndi yopeka, musakaifalitse. Koma mundichitire umboni, poti anthu sadzakhulupirira: chikwatirane, ili ndi bodza loyamba m'nyumba mwathu limene si langa.